Mkangano wa Terminator pa msika wa Migowi

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndi yanga. Ena mumandidziwa kale ndi ndemanga zanga zazitali pansi pa ndakatulo zanu, ndiye lero mundipirire, ndabwera ndi mbiri. Ine ndimagulitsa matemba ndi usipa pa msika wa Migowi kuno ku Phalombe. Musayembekezere zakuya ngati za aphunzitsi aja amatilembera za Chilembwe. Yanga ndi mbiri ya loboti, ndi momwe inafikira kwathu kuno.

Lachiwiri lapitali mvula inatitsekera kuyambira cha m'ma 10 mpaka dzuwa kupendeka. Ogula kunalibe. Ndinafunditsa nsomba zanga pepala la pulasitiki n'kukabisala pakhonde la telala wina, bambo wachikulire amene anaphunzira kusoka ku Limbe. Panalinso wa kabaza ya njinga yamoto, wa msinkhu wa achimwene anga, ndi kamnyamata kamene kamatchaja mafoni n'kumaikira anthu mafilimu m'mamemori. Kamnyamatako kanali kakuonera filimu pafoni. Atelala anasuzumira n'kunena kuti, "Ameneyotu ndi Komando. Koma mwana iwe, waika yolakwika. Terminator yeniyeni ndi Pati 1, zinazo n'zongodyera ndalama."

Wa kabaza anadumpha ngati wapondedwa chala. "Madala, mwakula koma apa mwanama. Pati 2 ilibe inzake." Kamnyamata kaja kanangoseka, kakuti onse awiri ndi okalamba, yokoma ndi Pati 3 chifukwa muli loboti yachikazi ndiponso ndi yomasulira m'Chichewa. Mpaka mvula kukata anthu atatu akulu ndi mwana mmodzi tinali tikulozana zala chifukwa cha filimu ya ku America. Ine ndinavotanso, ndikuuzani kumapeto. Koma ndikubwerera kunyumba ndinazindikira kuti aliyense amakokera ku filimu imene anaionera panthawi yake, pa makina a nthawi yake. Ndiye tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Inu achinyamata a m'gulu lino amene munabadwa TV ili kale pabalaza, dziwani kuti dziko lino linakhala zaka zonse za Kamuzu popanda wayilesi ya kanema. Television Malawi inayamba mu Epulo 1999, Kamuzu atachoka kale pampando mu 1994. Kunalinso lamulo la 1968 lomwe linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu, loti filimu isanaonetsedwe kwa anthu lizidula zimene likuona kuti n'zolaula kapena zosayenera. Nyumba zoonetsera kanema zinali m'tauni, monga Apollo ku Blantyre. Kuno kwathu, komwe panthawiyo tinali pansi pa boma la Mulanje (Phalombe anakhala boma palokha mu 1998), kanema timangomumva kwa anthu obwera kutauni.

Pamene ife tinali mumdima umenewo, mu 1984 James Cameron anatulutsa The Terminator. Inali filimu ya ndalama zochepa kwa azungu, madola pafupifupi 6 miliyoni basi. Nkhani yake ndi yoti m'chaka cha 2029 makina otchedwa Skynet ali pankhondo ndi anthu, ndipo atumiza loboti yooneka ngati munthu kubwerera m'mbuyo kuti ikaphe mtsikana wina woperekera zakudya m'lesitilanti, Sarah Connor, asanabereke mwana amene adzatsogolere anthu. Loboti ija ndi Arnold Schwarzenegger, wa ku Austria. Ife dzina limeneli linkatipinda lilime, ndiye tinangomutcha Komando, kutengera filimu yake ina ya 1985. Mpaka lero ukati Schwarzenegger pamsika pano ena akuyang'ana kawiri, koma ukati Komando ngakhale agogo agwedeza mutu.

Atelala aja akuti anaionera ku Limbe ali mnyamata wophunzira ntchito, m'kachipinda kuseri kwa golosale, ndalama ya nkhomaliro n'kuipereka pakhomo. Iwo anayamba ndi Pati 1, mwadongosolo lake. N'chifukwa chake kwa iwo Terminator ndi chinthu choopsa, chosaseka, chosatopa, chomwe ukachiwombera chimadzuka, ukachiwotcha chimatuluka m'moto chili mafupa achitsulo n'kumabwerabe. Akuti usiku umenewo pobwerera kogona ankangocheuka. Ndipo anawonjezera mawu amene anandikhala mumtima: akuti masiku amenewo munthu ukamva kuti akukufunafuna, panalibe kothawira, ngakhale kupolisi. Paja mu Pati 1 Sarah anathawira kupolisi, loboti n'kugumula khomo ndi galimoto. Sanatchule dzina la munthu kapena chipani, koma amene munakhalako zaka zimenezo mwamva.

Kwathu kumudzi zinabwera mozondoka. Mavidiyo sho anachuluka matipate atabwera. Munthu akapeza kandalama, kaya ka fodya, kaya ka nandolo, kaya wabwera ku Joni, amagula sikirini, deki ndi kajenereta, n'kumanga chisakasa cha mphasa ndi mapepala akuda kuti kuwala kusalowe. Mkati mabenchi a matabwa osapala, kutsogolo ana pansi pa fumbi. Panja sipika yaikulu yomangirira pamtengo kuti phokoso la mfuti liziitana anthu, ndi kabolodi kolembedwa ndi choko mayina a mafilimu a tsikulo, masipelo ake Mulungu yekha adziwa. Matepi amakabwereka ku Limbe. Mwini vidiyo sankasankha kuti iyi ndi yoyamba, iyi yachiwiri. Imene waipeza ndi yomweyo.

Imene anaipeza inali Pati 2. Ine ndinaionera cha m'ma 2000 ndili sitandade 4. Mtsikana kulowa m'vidiyo sho inali nkhani yokwapulidwa nayo, amayi ankati kumeneko n'kwa mbava ndi osuta chamba, ndipo sindinganene kuti ankanama kwenikweni. Achimwene anga, amene anandiposa zaka zisanu ndi chimodzi, ndiwo anandizembetsa. Anandiveka chipewa ndi malaya awo, n'kundiuza kuti ndisayankhule. Ndalama yolowera inachokera pa mazira awiri a nkhuku ya agogo, ndipo agogo anamwalira akukhulupirira kuti inali nyenga. (Mulungu atikhululukire tonse awiri.)

Chizungu palibe amene ankachimva bwino m'chisakasamo, komanso sipika inali yong'ambika. Ndiye pamakhala mnyamata mmodzi woti waionera kale kakhumi, amakhala pakati n'kumafotokozera anzake: "Apa akumuuza kuti amupatse zovala ndi njinga. Muone, amumenya pompano." Enanu mukamva za omasulira mafilimu mumayesa anayamba ndi makompyuta. Ayi ndithu, anayambira pabenchi, ulere, ena n'kumawakalipira kuti akuululiratu.

Terminator 2: Judgment Day inatuluka mu Julayi 1991, ya Cameron yemweyo, koma tsopano ndi ndalama zokwana madola pafupifupi 100 miliyoni. Inabweza opitirira 500 miliyoni, kuposa filimu ina iliyonse chaka chimenecho, n'kupatanso mphoto zinayi za Oscar. M'menemu Komando ndi wabwino. Watumizidwa kudzateteza John Connor, mwana wa Sarah, ku loboti ina yatsopano, T-1000, imene anasewera Robert Patrick. Iyi ndi ija yachitsulo chosungunuka, yovala ngati wapolisi, yoti ukaiboola ndi chipolopolo bowo limatsekeka, imadutsa pa zitsulo za chitseko, imasanduka munthu aliyense amene yamukhudza. M'chisakasa muja itatuluka pansi pa simenti, mayi wina amene anangolowa kudzafuna mwana wake anakuwa kuti "Ufiti!" n'kuthawa mwanayo kumusiya. Ife a Chilomwe nkhani za anthu osanduka sizachilendo, koma kuziona ndi maso masana linali tsiku loyamba.

Wa kabaza uja mfundo yake ndi imeneyi, ndipo ndi yolimba: Pati 2 ili ndi zonse. Muli njinga yamoto, muli chithiraki chogwera mu ngalande, muli kuseka, muli kulira. Akuti njinga anayamba kuisirira tsiku limenelo, poona Komando akukoka mfuti ndi dzanja limodzi ali pa liwiro. Koma atapanikizidwa anaulula china. Iye anakula opanda bambo, anapita ku Joni osabwerako. Ndiye kuona chimunthu chachitsulo chikumvera kamwana, chikukatchinga ndi msana wake zipolopolo zikamabwera, kenako n'kudzitsitsa chokha mu chitsulo chowira chala chachikulu chili m'mwamba, akuti analira, n'kunamizira utsi wa jenereta. Pakhonde paja tinamuseka, koma ndikudziwa kuti theka la anyamata a m'chisakasa chathu linali ngati iyeyo.

Ine chimene ndinatuluka nacho ndi Sarah. Ndinali ndisanaonepo mzimayi wotero. Linda Hamilton, manja ali ndi minofu, akudzikoka pa chitsulo cha bedi m'chipatala cha amisala momwe anamutsekera chifukwa chonena kuti pa 29 Ogasiti 1997 dziko lidzapsa. Madokotala akumuseka, iye osasintha mawu. Ndinafika kunyumba n'kuyesa kudzikoka pa nthambi ya mango, ndinagwa n'kuchotsa chikhadabo.

Tsopano imvani chisokonezo. Patapita miyezi mwini vidiyo anabweretsa Pati 1, n'kulemba pabolodi kuti Terminator yatsopano. Anthu anadzaza. Filimu kuyamba, Komando yemwe tinamusiya ali mpulumutsi uja akupha anthu osalakwa, akusakasaka Sarah. Kunali chipwirikiti. Ena ankati mwini vidiyo watibera, atibwezere ndalama. Ena ankati ameneyu ndi mapasa ake. Mkulu wina wa mpingo amene ankaonera chozemba anagamula kuti Komando wabwerera m'mbuyo mu uzimu, zimachitika. Ndiponso zithunzi zinkaoneka zakale, Sarah ali kamtsikana kamantha. Tinatuluka tikuti Pati imeneyi ndi yobowa. Zinanditengera mpaka folomu 2 kuti ndimvetse kuti tinayambira kuchiwiri. Mukaona munthu wa msinkhu wanga wa kumudzi akunyoza Pati 1, musamuweruze msanga, mwina naye anaionera chobwerera.

Pati 3, Rise of the Machines, inatuluka mu Julayi 2003. Cameron sanaigwire, anaiwongolera Jonathan Mostow. Linda Hamilton mulibe, akuti Sarah anamwalira ndi khansa ya m'magazi, ndipo m'bokosi lake la maliro anasungamo mfuti. Mdani ndi T-X, loboti yachikazi ya Kristanna Loken. Miyezi itatu filimuyi itatuluka, mu Okutobala, Komando anasankhidwa kukhala bwanamkubwa wa California. Nkhaniyi itamveka pa wayilesi anyamata kwathu sanadabwe n'komwe, ankati nanga ndani angapikisane naye.

Pofika nthawi imeneyo matepi anali akutha. Kunabwera ma CD, kenako ma DVD a ku China aja okhala ndi mafilimu ambirimbiri pa chimbale chimodzi, Terminator zonse zitatu pamodzi ndi Rambo. Kenako kunabwera chimene chinasintha zonse, mafilimu omasulira. Anyamata a m'matauni okhala ndi kompyuta ndi maikolofoni anayamba kutsitsa mawu a azungu n'kuikapo awo m'Chichewa, munthu mmodzi kuyankhulira onse, mwamuna, mkazi, mwana ndi loboti yomwe. Kumasulira kwake musakuyese kwa m'kalasi. Mzungu akati akufuna khofi, womasulira amati akufuna thobwa. Mzinda wa Los Angeles umasanduka Ndirande. Pena amasiya nkhani n'kuyamba kulengeza malo ake a bizinesi. Aphunzitsi a Chichewa m'gulu lino mwina mukwiya, koma ine ndimati anyamata amenewa anachita zimene ena ophunzira analephera: anapangitsa agogo a kumudzi kutsata filimu kuyambira poyamba mpaka pothera.

Kamnyamata ka mafoni kaja kanabadwa Pati 3 itatuluka kale. Chisakasa sikakuchidziwa bwino, mavidiyo sho ambiri masiku ano anasanduka oonetsa mpira wa ku England. Iko filimu kamaonera pafoni, kokha, zomvera m'makutu. Ndinakafunsa chimene kamakondera Pati 3, kanayamba kubwereza nthabwala za womasulira, mawu ndi mawu, mpaka misozi. Za Skynet sikanatchule n'kamodzi komwe. Atelala anapukusa mutu kuti mwanayu sanaonere Terminator, anamvera sewero la munthu wina. Mwina akunena zoona. Koma nafenso paja tinkamvera mnyamata wa pabenchi.

Pali zina zinatuluka pambuyo pake, mu 2009, 2015 ndi 2019. Pakhonde paja palibe anaziwerengera, ndipo inenso ndizisiya.

Voti yanga ndinaponyera Pati 3. Wa kabaza anagwira pakamwa. Ndikudziwa, inunso ena mwayamba kale kulemba ndemanga. Ndikuvomera kuti pa luso ndi yotsika pa zitatuzi. Nthabwala zina n'zokakamiza, John Connor wake Nick Stahl amaoneka ngati wadzuka ndi malungo, ndipo filimu yopanda Sarah ili ngati ndiwo zopanda mchere. Kwa zaka zambiri nanenso ndinali wa Pati 2. Chinandisintha ndi mathero ake, ndipo kuti mundimvetse ndiyenera kukuuzani za phiri.

Mu Malichi 1991, miyezi inayi Pati 2 isanatuluke ku America, Napolo anatsika m'phiri la Michesi. Mvula inagwa masiku, kenako madzi, matope, mitengo ndi miyala yaikulu ngati nyumba zinakokolola midzi ndi malo a malonda a Phalombe. Anthu mazanamazana anafa, ambiri sanapezeke. Ine ndinali khanda kumsana. Amayi amati anamva kulindima ngati magalimoto ambiri akubwera pamodzi, anangogwira achimwene padzanja n'kuthamangira kumtunda, mbale ya ufa ili m'manja osadziwa kuti ainyamula. Miyala ina ilipobe mpaka lero m'minda, mukadzabwera ndidzakuonetsani. Tinakula tikumva kuti zija zinachitika, zinatha, Napolo anadutsa ulendo wake wa ku nyanja ya Chilwa. Anthu anabwerera n'kumanganso m'malo omwewo, poti munda ndi womwewo, manda a makolo ndi omwewo.

Pati 2 imatha chomwecho. Aphwanya fakitale, asungunula zitsulo zonse, tsiku la chiweruzo lalephereka, pitani kunyumba. Pati 3 imabwera n'kunena kuti munangolikankhira kutsogolo. John ndi mnzake Kate Brewster akuthamangira kuphiri lotchedwa Crystal Peak poganiza kuti akukazimitsa Skynet. Kufika mkati apeza kuti mulibe chozimitsa. Ndi phanga lobisalamo basi, lomwe anawatumizako kuti apulumuke. Kunja mabomba akugwa. Kenako wayilesi za m'phangamo ziyamba kulira, anthu a kutali akufunsa ngati kuli wina wamoyo, ndipo John atola n'kuyankha. Nditaionera koyamba ndinakwiya, ndinati filimu yanji ekita osapambana.

Mu Malichi 2023, patatha zaka 32 mwezi wake womwewo, kunabwera namondwe wa Freddy. Anayambira kufupi ndi Australia, n'kuyenda masiku opitirira 30 pa nyanja ya mchere, kudutsa Madagascar, kumenya Mozambique kawiri, kenako ife. Wayilesi inachenjeza, sindinganame. Koma munthu ukamuuza kuti asamuke, amakufunsa kuti apite kuti, mbuzi azisiyire ndani, chimanga chili pafupi kucha. Achimwene anga aja ondiveka chipewa anakwatira ku Nkhulambe, ali pachikamwini. Ndinawaimbira Loweruka kuti bwerani kuno ndi ana, anaseka, akuti "Chemwali, wayamba za Sarah Connor?" Amenewo ndiwo mawu omaliza amene ndinamva foni isanaduke.

Mukudziwa zimene zinachitika ku Nkhulambe, munaziona pa Facebook ife tisanazione. Midzi inakwiririka ndi mchenga ndi miyala, chipatala chaching'ono cha kumeneko chinawonongeka, misewu ndi milatho zinaduka. M'dziko lonse anthu opitirira 600 anatsimikizika kuti amwalira, ena mazanamazana osapezeka. Ine ndinakhala masiku asanu foni ili m'manja. Magetsi kunalibe, ndinkaitchaja pa kasola ka kamnyamata komweka, ndipo sikanandilipiritse ngakhale tambala. Tsiku lachisanu ndi chimodzi inalira nambala yachilendo. "Ndine. Tili moyo, ine, mlamu wako ndi ana. Nyumba palibe. Apongozi sitikuwaona." Sanawaone mpaka lero.

Chaka chathachi ndinaioneranso Pati 3, yopanda womasulira, pafoni, ana atagona. Pofika pa wayilesi zija ndinaiimitsa kaye n'kutuluka panja. Achimwene anamanganso, chapamtunda pang'ono, pamalo amene amfumu anawapatsa. Mvula ikagwa masiku awiri osakata amanyamula ana ndi mbuzi kupita kusukulu ya kumtunda osadikira wina kuwauza, ndipo anthu ena amawaseka.

Zonsezi sindinazinene pakhonde paja. Ndinangoti Pati 3, iwo n'kundiwowoza. Atelala anati azimayi mumangokondera loboti yachikazi ija. Wa kabaza anati andibweretsera Pati 2 pa memori kuti ndikumbukire bwino, ndipo kamnyamata kaja kanamuuza mtengo wake pompo. Mvula itakata ndinakavundukula nsomba zanga, ndinapeza madzi alowa pakona imodzi, matemba a mulu wonse anyowa. Ndinawagulitsa motchipa kwa mayi wina wophika nsima kuseri kwa msika.